Chimwala Chikudzikanda

Ndili pabwalo la pa boma, pomwe akhonsolo aimika chimwala chosema chopanda mutu kapena miyendo, bowo pakati basi. Achiphimba ndi chitenje, ndipo ine ndathiramo kale chitedze. Apampando akuvundukula, anthu akuwomba m'manja, chimwala chikuyamba kudzikanda pamtengo wa mbendera ngati ng'ombe. Bowo lija likutembenuka pang'onopang'ono, likufufuza m'gulumo.

Wosema, mkulu wa fumbi m'ndevu, akununkhiza manja a aliyense. Wafika pa ine.

"Mphwanga, tatulutsa manja m'thumbamo."

"Akulu, kukuzizira."

"Nanga thukutalo?"

Ndikuyesa kuthawa, koma nsapato zanga zamira m'simenti. Bowo laima pa ine, likuphethira.

Ndadzuka kutulo ndikuseka ndekha. Komabe lero popita kusukulu ndidzera kumsika, osati pabwalo paja, bowo lija lisandione.