Nsomba Imene Bambo Anandisiyira

Bambo anga anabwerera kuchokera ku Nacala ndi chikwama chimodzi, bokosi lagalasi lokulunga m'mabulangete, ndi ndowa yovindikira imene sanalole munthu aliyense kuigwira. Anachoka ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anabwerera ndili ndi ana awiri, mayi anga atamwalira kalekale. Kwawo ndi ku Chiuta, koma anatsikira ku Balaka, pakhomo panga, ndipo ine ndinasangalala ngati mwana. Ndinapha nkhuku. Iwo atangolowa m'nyumba anayang'ana makoma onse anayi n'kufunsa kuti, "Soketi ili pati?"

Mpaka lero sindidziwa ngati anadzera ine kapena magetsi. Kumudzi kwawoko kulibe waya.

M'ndowa muja munali nsomba imodzi. Imodzi basi. Inali yopyapyala ngati tsamba, kukula kwake chikhatho cha mwana, yoyera, ya mizere yachikasu, kukamwa kotalika kosongoka, ndiponso ya dontho lakuda chakumchira limene ana anga ankati ndi diso lachitatu. Bambo ankagwira ntchito kwa munthu wina wogwira nsomba zotere m'nyanja yamchere n'kumazitumiza kunja kwa anthu ongofuna kuziyang'ana. Ine ndine mdzukulu wa asodzi. Nsomba ndimaidziwa ikakhala pathandala, pamsika kapena mumphika. Yoti munthu aziidyetsa tsiku ndi tsiku popanda tsiku loti adzaidye, imeneyo sinkandilowa m'mutu.

Tinakhala nawo miyezi ingapo. Ine ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina kumsika, ndiye ndinkachoka m'mawa bambo ali pampando kutsogolo kwa galasi, n'kubwerako madzulo ali pomwepo. Nsombayo ankailankhula Chipwitikizi, motsitsa, nkhani zazitalizitali. Ine ankandiyankha "inde" ndi "iyayi". Ndinena mosabisa, ndinkaichitira nsanje. Ine mayi wamkulu wa ana awiri kuchitira nsanje kanthu kosakwana n'komwe ndiwo ya munthu mmodzi.

Mwezi wa Okutobala, Balaka atapsa monga amachitira, bala limene bambo anali nalo kuphazi linakula chifukwa cha shuga, ndipo kuchipatala anati agonekedwe. Ndinayamba kulongedza zitenje ndi mbale kuti ndikakhale wowadikirira. Bambo anandiletsa.

"Iwe utsale. Kuchipatala kubwera achemwali anga a ku Chiuta."

"Nditsale nditani, bambo?"

"Nsomba."

Anandilozera mzere umene anajambula ndi cholembera pagalasi. "Madzi asatsike kupitirira apa. Kapampu ka mpweya kasazime. Chakudya chili mufiriji." Malangizo onse anali amenewo, poti woyendetsa njinga yamoto anali atayamba kale kuliza hutala panja. Mtima unandipweteka, koma ndinaganizanso kuti mwina apa ndi pamene andikhulupirira koyamba. Ndinalumbira chamumtima kuti adzaipeza yamoyo, yonenepa kuposa mmene anaisiyira.

Tsiku lachiwiri magetsi anazima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Sindinapite kosoka. Ndinakhala ndi kapu m'manja, kutunga madzi m'bokosimo n'kumawathiramonso kuti achite thovu, monga ndinkaonera bambo akuchita. Mnansi wanga anasuzumira pawindo n'kufunsa ngati ndayamba kusambitsa nsomba. Magetsi atayaka ndinapeza kuti chakudya chija, nyama ya nkhono za kunyanja yamchere imene mnzawo wa bambo wogwira ntchito m'sitima ya pamtunda ankabweretsa, chasungunuka ndipo chikununkha. Ndinachitaya.

Apa ndi pamene mutu unayamba kuzungulira. Nsombayo ndinaipatsa usipa wosinja, sinayang'ane. Ndinaipatsa gaga, poti nsomba za m'madamu zimadya gaga, ndipo madzi anachita mbuu mpaka ndinasefa ndi kansalu. Ndinayesa dzira lowiritsa. Ndinayesa nyongolotsi zimene ndinakumba kuseri kwa bafa. Inkabwera, kuloza kukamwa kwake kuja pafupi penipeni, kuima ngati ikuganiza, kenako n'kutembenuka. Mlamba wa ku Chiuta umadya ndi sopo yemwe. Iyi inkafuna chiyani, ndiiphikire mpunga wothira kokonati?

Madzi nawo ankatsika tsiku lililonse ndi kutentha kuja. Izi zokha ndiye sizinandivute, ndinkaona ngati. Ndinkawaona bambo masiku ena akusungunula mchere wa m'thumba lawo lapadera m'madzi amvula a m'diramu, n'kuthira m'bokosimo. Nsomba ya m'nyanja yamchere imafuna madzi amchere, nanga pamenepa pali chofunsa? Madzi akatsika, ine ndinkasungunula mchere m'jagi n'kudzaza mpaka pamzere. Muyeso sindinkaudziwa, ndiye ndinkathirako ndi dzanja lopatsa.

Masana aliwonse ndinkapita kuchipatala ndi chakudya. Azakhali, mlongo wawo wa bambo amene amagulitsa nsomba zouma ku Chiuta, ankandilandira pakhomo la wodi ndi nkhani za odwala onse. Bambo ankandilandira ndi funso limodzi.

"Yadya?"

Tsiku loyamba ndinati, "Yadya." Linali bodza, koma nkhope yawo inamasuka ndipo anadya nthochi ziwiri, munthu amene azakhali ankati akukana chilichonse. Mawa lake ndinanenanso chimodzimodzi. Pofika tsiku lachisanu bodza lija linali litanditsekera pakamwa. Ndikanafunsa bwanji chochita ndi nsomba yosadya, ine amene ndakhala ndikunena kuti ikudya bwino?

Sabata yachiwiri nsombayo inatuluka timadontho toyera m'zipsepse, tating'ono ngati tamchere. Inayamba kudzikhula pamwala, n'kumapuma mofulumira, diso limodzi litachita ngati lakutidwa ndi utsi. Ndinaganiza kuti ndi zilonda. Chilonda timatsuka ndi madzi amchere, ndi zimene anamwino ankachitanso paphazi la bambo. Choncho ndinawonjezera mchere. M'kabati ya bambo ndinapezamo kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi muvi mkati, kamene ndinkawaona akuviika m'madzi. Nditakaviika, muvi unakwera mpaka pamwamba penipeni. Mtima unakhala pansi. Ndinati chinthu chimodzi chokha ndiye ndakhoza, poti kusukulu wokhoza ndi amene amakhala pamwamba.

Koma nsomba inkangoipiraipira. Ndinasiya kumvetsa chilichonse. Ndinkasoka mkono wa malaya chagada, kusula, kusokanso chagada. Mayi wina anabwera kudzatenga diresi la ukwati wa mng'ono wake, ine n'kumufunsa ngati akudziwa munthu woweta nsomba zamchere m'Balaka muno. Anandiyang'ana ngati ndadwala mutu. Kwa alangizi a ziweto anandiuza mwaulemu kuti iwo amadziwa mbuzi, ng'ombe ndi nkhuku, ndipo ngati ili nsomba ya m'damu ndiwonjezere manyowa.

Loweruka lina azakhali anabwera kunyumba kudzachapa ndi kusamba bwino. Anali asanaione nsombayo. Anaima kutsogolo kwa galasi, manja m'chiuno.

"Ndiye kameneka ndi kamene achimwene akufera? Pamulu wa matemba kameneka ndingaike ngati banyira."

Kenako anakanda ndi chikhadabo zoyera zimene zinaumira m'mphepete mwa galasi. Anaviika chala m'madzi n'kulawa. Analavula.

"Iwe mwana wa achimwene, ukufuna kupanga bakayawo wamoyo?"

Bakayawo ndi nsomba youma yothira mchere wambiri imene azakhali amaoda ku Mozambique. Ndinawafotokozera modzikuza kuti iyi ndi nsomba ya m'madzi amchere, ndipo madzi akaphwa ndimabwezera amchere.

"Ndiwo zikaphwera pamoto umatani?"

"Ndimathira madzi."

"Umathiranso mchere?"

Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo. Madzi ndi amene amachoka, mchere umatsala mumphika. Ndinazidziwa ndisanathe n'komwe msinkhu. Kwa masabata awiri ndinakhala ndikuikoleretsa mchere nsomba ya bambo ili moyo, ndi manja anga, ndikudziyamikira.

"Nanga ija ankathira bamboyi?" ndinafunsa.

"Ukawafunse eni ake. Si ali ndi pakamwa?"

Masana amenewo ndinapita kuchipatala. Bambo anati, "Yadya?" Ndinati, "Iyayi, bambo. Sinadye chichokereni inu." Ndipo ndinanena zonse, za gaga, za timadontho, za mchere, za muvi umene unakwera pamwamba. Ndinkayembekeza kuti atembenukira kukhoma.

Anadzuka n'kukhala tsonga. "Khala apa," anatero, akusuntha phazi lodwala lija kuti ndipeze malo pabedi.

Anandiuza kuti madzi amchere aja ankathira pokhapokha akayamba achotsamo ena akale. Ongophwa okha amabwezera ndi madzi amvula opanda kanthu. Anati muvi uyenera kuima chapakati, pamene anakandapo ndi singano. Anati ndisathamangire kuthira madzi ambiri nthawi imodzi, ingafe pompo; ndichotse kapu imodzi, ndibwezere kapu ya madzi amvula, ndidikire, kenako ina. Anati nsomba ya mtundu umenewu ndi yamanyazi, imatha kufa ndi njala chakudya chili pamphuno, ndipo imafuna kutompha nyama ili m'chigoba chake. Atatero anapitiriza osafunsidwa. Anandiuza kuti chaka chake choyamba ku Nacala anapha nsomba zambiri ndi kusadziwa komweku, anagona masiku ambiri m'shedi ya mathanki, ndipo anachita manyazi kubwerera kumudzi chimanjamanja. Chaka chinakhala zaka. Analankhula mpaka belu lotulutsa alendo linalira. Chibadwire changa bambo anali asanandilankhulepo nthawi yaitali chotero, ndipo nkhani yake inali ya mchere. Sindinadziwe ngati ndilire kapena ndilembe malangizowo.

Azakhali anatumiza uthenga ku Chiuta, ndipo Lachiwiri minibasi inabweretsa kachitini ka nkhono za m'nyanja, zija zazigoba ziwiri. Ine ndinali nditachita za kapu imodziimodzi masiku awiri, muvi utatsikako. Ndinatsegula nkhono imodzi n'kuiika pansi pafupi ndi mwala. Nsomba inabwera mozengereza, inaima, kenako inatompha. Inatomphanso. Ndinathamanga kuchipatala osatseka ndi chitseko chomwe, ndipo tsiku limenelo "yadya" wanga anali woona.

Inadya masiku atatu. Lachisanu m'mawa ndinaipeza itagona cham'mbali kuseri kwa mwala, kapampu kakungotulutsa thovu lake monga mwa masiku onse. Sindinamvetse. Ndinali nditakonza zonse zimene anandiuza. Ndinaviika kabokosi kaja katatu, muvi uli pakati penipeni. Nsombayo ndinaitola ndi supuni n'kuima nayo pakhomo osadziwa kopita nayo. Kwathu nsomba sitikwirira. Kuipatsa mphaka sindikanatha. Ndinaikulunga m'kansalu kotsala posoka n'kuikwirira pansi pa mtengo wa mandimu, ndikuyang'ana uku ndi uku kuti anansi asandione.

Ndinaphika chakudya cha bambo, ine osalawa kanthu. M'njira monse ndinkakonza bodza. Bambo anali oti atuluka m'chipatala Lolemba, ndipo ndinkaopa kuti nsomba ikapanda kukhalapo, soketi yanga ilibenso ntchito, adzapita ku Chiuta ndi azakhali. Mantha anga enieni anali amenewo.

Nditalowa mu wodi, bambo anandiyang'ana kumaso ndipo funso lija sanafunse.

"Yafa, bambo," ndinatero. "M'mawa uno."

Azakhali anatola beseni n'kutuluka, ngakhale munalibe choti atsuke. Bambo anafunsa kumene ndaiika, ndipo nditawauza za mtengo wa mandimu anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sindinadziwe ngati akuvomereza kapena akudandaula. Anatsegula kontena ya chakudya, anayang'anamo, kenako anayang'ana ine, kuyambira kumaso mpaka m'manja.

"Nanga iwe, wadya?"

Ndinatsala pang'ono kunena kuti ndadya. Pakamwa panali patazolowera.

"Iyayi, bambo."

Anasuntha phazi lija, n'kuika kontena pakati pathu. "Kasambe m'manja," anatero.