Mafuta a bulugamu m'diso la bambo anga

Lachiwiri m'mawa amayi anandiimbira foni kuchokera ku Rugare, kuno ku Harare. "Bwera msanga, abambo ako adzithira mafuta m'diso."

Ndinasiya zochapa m'beseni n'kuthamangira kombi, minibasi ya kuno. Ndinapeza bambo atawerama pakhonde, amayi akuwathira madzi kumaso ndi kapu. Diso linali psuu, chikope chitatupa. Bambo anga anagwira ntchito ya njanji mpaka kupuma osadandaulapo za ululu, koma tsiku limenelo ankabuula.

Mwezi watha anawachotsa ng'ala m'diso lomwelo, ndipo amadonthezamo mankhwala katatu patsiku. Loweruka amayi anawagulira mafuta a bulugamu kumsika wa ku Mbare oti azipaka m'mawondo. Wogulitsayo anawathirira m'kabotolo kakale ka mankhwala a m'maso, koyera, kochotsedwa pepala. Timabotolo tiwiri tofanana tinakhala pawindo limodzi. Munthu wosaona bwino akanasiyanitsa bwanji?

Kuchipatala anatsukanso disolo nthawi yaitali. Namwino anati kuthira madzi msanga kuja kwathandiza, koma tibwerenso Lachisanu kuti aone ngati mkati simunapse. Kenaka anafunsa amayi, "Nanga m'mawondomo mumapaka osasakaniza?"

"Ndisakanize ndi chiyani, mwanangu? Palibe anandiuza."

Anatifotokozera kuti mafuta onunkhirawa, a bulugamu, a mandimu ndi ena otero, ndi aukali kwambiri. Madontho awiri kapena atatu amasungunulidwa m'supuni yaikulu ya mafuta ofatsa, monga a kokonati kapena a mpendadzuwa, ndipo umayamba wayesa pamkono. Sayandikira maso. Samwedwa. Mwana akameza ngakhale pang'ono akhoza kukomoka.

M'kombi pobwerera amayi ankangoti, "Ndine ndalakwa." Ine ndikukana. Kodi kugulira mwamuna wako mankhwala a mawondo n'kulakwa?

Lachitatu ndinapita kumsika ndi kabotolo kaja. Wogulitsayo ndi mayi wa msinkhu wanga, ndipo atamva kalankhulidwe kanga anandiyankha m'chinenero chathu. Patebulo pake panali timabotolo ta mitundumitundu, topanda dzina tonse.

"Mayi, bambo anga athira izi m'diso. Bwanji simulemba?"

"Pepani, asisi. Koma anthu amanunkhiza, amadziwa okha."

"Nanga za kusakaniza mumawauza?"

"Akafunsa. Izi n'zachilengedwe, sizipweteka."

Mawu amenewa ndi amene andikwiyitsa sabata yonse. Zachilengedwe sizipweteka? Tsabola ndi wachilengedwe. Ndani amamuthira m'diso? Mbewu ya nsatsi imamera kuseri kwa nyumba, koma ndani amapatsa mwana kuti atafune?

Sindikudana ndi mafutawa. Kafungo ka bulugamu kamatsegula mphuno pa chimfine, ndipo akasakanizidwa bwino mawondo a nkhalamba amamvako kutentha kokoma. Sindikuti mayi uja asiye geni, nayenso ali ndi ana odyetsa. Chimene ndikukana ndi ulesi wathu woika chinthu choopsa m'botolo lililonse limene latoleka. Parafini m'botolo la chakumwa, mankhwala a makoswe m'kapepala ka shuga, tsopano izi. Kapepala, cholembera ndi selotepi n'zosowa mu Harare muno? Ifenso ogula timalandira, kuika m'chikwama, osafunsa kanthu, ngati tikuopa kuoneka osadziwa.

Lachisanu adokotala anati diso la bambo lipola, ngakhale akuonabe mwachimbuuzi. Tinapuma.

Koma pali chimene ndinaona Lachitatu lija chomwe chikundisowetsa mtendere. Ndisanachoke patebulo paja panafika mtsikana wobereka khanda lotsokomola. Wogulitsa anatenga botolo la mankhwala a chifuwa a ana, pepala lake likadalipo, n'kuyamba kuthiramo mafuta a bulugamu. Ndinamugwira dzanja mtsikanayo n'kumufotokozera zonse, wogulitsa akundiyang'ana mokwiya. Anamva, anasiya.

Ameneyo ndinakumana naye. Nanga amene anagula Lachinayi, anawauza ndani?