Magazi a Mayi Wihelmina Daimun

Lachiwiri lapitali tinaika m'manda Mayi Wihelmina Daimun, amene anasesa tchalitchi chathu chino zaka makumi anayi. Ine ndaimba nawo m'kwaya chiyambire utsikana wanga, ndiye musandiletse kulira polemba izi.

Anabadwira kumunsi, kuminda ya mpunga kuno ku Manggarai, kumene malungo ankapulula ana ngati chitopa m'khola. Mwa ana asanu ndi awiri a m'banja mwawo anatsala awiri basi. Iwo malungo ankangowagwedeza masiku awiri n'kuwasiya. Atakula anawakwatitsa kwa msuweni wawo, Bambo Kornelis, mwana wa azakhali awo, potsata mwambo wathu wa tungku wolimbitsa chibale. Nawonso malungo ankawalambalala, mwakuti anthu ankati banja limeneli libala zimphona.

Koma kalanga ine! Mwa ana awo asanu, atatu anayamba kutuwa, mimba kutupa, magazi kuwathera, n'kumwalira asanalowe sukulu. Apongozi awo, azakhali omwewo, ankanena poyera kuti, "Mimba yako ndi yatsoka, watithera mtundu." Mayi sankayankha, ankangotola tsache ulendo wa kutchalitchi. Ine wapakamwane zinkandiwawa, ndipo tsiku lina ndinawadzudzula Mayiwo chifukwa chosabweza mawu. Iwo anati, "Achemwali, ndikabweza mawu, anawo adzuka?"

Mayi atakalamba, mdzukulu wawo Yasinta anakapereka magazi kuchipatala cha m'tauni. Adokotala ataona magaziwo anaitanitsa agogo ake. Bambo Kornelis anakana, amvekere khofi wapsa m'munda, choncho Mayi anapita okha.

"Kumalo a malungo," anatero adokotala, "anthu a magazi ngati anuwa ndiwo ankapulumuka, n'kupatsira ana awo. Mwana akatengera kwa kholo limodzi, chimakhala chishango. Akatengera kwa onse awiri, ndiye matenda anapha ana anu aja."

"Onse awiri?"

"Onse awiri, mayi. Inu ndi amuna anu."

Wina akanabwera akulengeza mudzi wonse. Iwo anauza ine ndekha, tikupukuta mabenchi. "Mkuluyo asamve," anatero. "Mtima wake ndi wofewa ngati papaya wakupsa."

Pasanathe chaka, abale anagwirizana kuti Yasinta akwatiwe ndi msuweni wake Benyamin, njati yolowolera atasankha kale. Yasinta anali ndi magazi aja, koma ankaopa kutsutsa akuluakulu. Mayi akanakhala chete, mdzukulu wawo akanatha kuika ana m'manda ngati iwo. Akanalankhula, Bambo Kornelis akanadziwa zonse. Mayi anachita mapemphero a novena masiku asanu ndi anayi, kudya osadya.

Tsiku la msonkhano, pamene ife amayi timangothira khofi pakamwa tili tseke, Mayi anaika ketulo pansi n'kugwada. "Pepani eni mbumba, mnyamatayu akayezetse kaye magazi." Anafotokoza zonse, osayang'ana amuna awo. Benyamin anapezeka nawo magaziwo, ukwati unathera pomwepo, ndipo abale ena anatha zaka ziwiri osawapatsa moni. Bambo Kornelis sanatchulepo nkhaniyi ngakhale kamodzi.

Sabata yatha, ansembe atawadzoza mafuta m'mawa, ndinali pomwepo. Bambo Kornelis anawagwira dzanja.

"Make Yosefina, zaka zonsezi ndinakusiyani musenze nokha katundu wa anthu awiri. Amayi ankakutukwanani ine ndili chete. Ndikhululukireni."

"Aa, asuweni inu, mukanatha?" anayankha chonong'ona. "Thumba la khofi lomwe limakugwetsani."

Mkuluyo anaseka misozi ili chuchuchu. Dzuwa lisanafike pamutu, Mayi anatsinzina, dzanja likadali m'dzanja la mwamuna wawo.

Akhristu anzanga, Mayiwa anadziwa pokhala chete, anadziwanso poyenera kulankhula. Mwini moyo awapumitse pafupi naye. Yasinta anakwatiwa kuseri kwa phiri, ndipo pamaliro ana ake awiri ankathamangitsana pakati pa mitanda, akufuula ndi mphamvu zawo zonse. Palibe anawaletsa.