Uvuni wa Alamu

Ndinanama, ndipo sindibisa. Anthu a boma atabwera kuno ku Nkando kudzaona mabanja oyenera ngongole ya malata, anati akufuna okhawo amene ali ndi njerwa zootcha kale. Ine ndinali ndi zidina zokha, ndi denga la udzu lomwe limadonthera mwana wanga Tadala pamphasa.

"Mayi, njerwa zanu zili kuti?" anafunsa mmodzi wa iwo.

Ndinaloza uvuni wa alamu anga, amuna a achemwali, womwe unali kuseri kwa nthochi. Ndinafika mpaka pousisita ngati mbuzi yanga.

Mwatsoka alamuwo anatulukira, khasu lili paphewa.

"Alamu, musamandibere njerwa zangatu!" ndinakuwa.

Alamuwo anandiyang'ana, kenako anayang'ana Tadala kumbuyo kwanga. "Ine ndingabe zimenezi, zosapsa bwinozi?" anatero, n'kumapita.

Kumutcha munthu wakuba pa uvuni wake womwe kumandichititsabe manyazi, moti ndikakumana nawo ndimayang'ana pansi. Koma malata ndinalandira, njerwa zanga ndiotcha chilimwe chino, ndipo wofuna kunditcha wabodza abwere adzayambe wagona pamphasa yonyowa.