Ndowa za pa kasupe wathu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 7, pamene amayi anasiya kulankhulana ndi mng'ono wawo chifukwa cha madzi. Madimba athu a kabichi anali ogundizana, kumunsi kwa phiri la Chongoni, ndipo onse ankamwa kasupe mmodzi. Chilimwe chimenecho dziwe limene tinkatungamo linkauma dzuwa lisanafike pamutu. Amayi aang'ono ankati ife timalawirira kukaba madzi. Amayi ankati wakuba ndi iwowo.

Nditawadandaulira aphunzitsi athu a sayansi, anangondibwereka wotchi yawo.

“Usaweruze kaye. Kayeze kuti kasupeyo akutulutsa madzi ochuluka bwanji, ndipo ndiwozo zikumwa ochuluka bwanji,” anatero.

Loweruka m'mawa ndinatchera ndowa pamene madzi ankatulukira, mapazi atachita dzanzi m'matope ozizira. Inadzaza pa mphindi khumi. Ndinabwereza katatu, osasintha. Ndiye kuti pa ola ndowa zisanu ndi imodzi, usana ndi usiku ndowa 144. Kenaka ndinawerenga mabedi: athu khumi ndi asanu, a amayi aang'ono makumi awiri ndi asanu. Bedi lililonse linkamwa ndowa zisanu patsiku. Zonse pamodzi 200.

Ndinathamanga ndi kope langa n'kuwapeza onse awiri akupalira, atafulatirana.

“Palibe akuba! Madziwo ndiwo akuchepa. Inuyo amayi aang'ono ndi amene mwachulutsa mabedi!”

Ndinkadikira kuti andiyamikire. Amayi aang'ono anaika khasu pansi, n'kukhala pamzere.

“Mabedi khumiwo ndinawonjezera bambo ako aang'ono atasiya kutumiza mawu kuchokera ku Joni,” anatero motsitsa. “Ana anayi aja ndiwadyetsa chiyani?”

Amayi sankadziwa zimenezi. Anakakhala pambali pa mng'ono wawoyo. Ine ndinasowa poyang'ana.

Masamu omwewo anatithandizabe. Tinagawa mabedi pawiri, kuthirira makumi awiri lero, makumi awiri mawa, ndipo tinaphimbira onse ndi udzu kuti chinyezi chisathawe. Kabichi sanakule ngati zaka zina, koma palibe bedi linafa.

Lero ndimaphunzitsa ana kuyeza mvula ndi madzi a m'mitsinje. Ndimawauza kuti ayeze mobwereza, asamangoganizira. Koma ndimawauzanso chimene ndinachidziwa mochedwa tsiku lija: yankho likakhoza, uyambe wafunsa chimene chinam'fikitsa munthu pamenepo, usanaliwerenge mokweza pamaso pake.