Tinapakiza Chinangwa cha Gulu

Chaka chimene ndinapuma pa uphunzitsi, chinangwa cha kwathu ku Chikale chinali chitayamba kuwolera m'kati. Ukazula chinkaoneka bwinobwino, koma ukathyola unkapeza m'kati muli zakuda zouma ngati mtengo wofumbwa. Posenda, theka lonse kutaya. Ife ndife anthu a kondowole, nsima ya chinangwa, chimanga timadya mongolemekeza alendo, ndiye matendawa kwa ife inali njala basi.

Tinasonkhana mabanja a m'dera lathu, ambiri azimayi, n'kupanga gulu. Mlangizi wa zaulimi anatipezera mbewu yopanda matenda kuchokera kutali, ndipo ananeneratu kuti anaipeza movutikira, tisayembekeze ina. Nzeru yake inali yoti tiibzale m'munda umodzi, ikakula banja lililonse lidzatengeko mitengo yobzala kwawo. Malo anapereka ndi alamu anga, mkazi wa malemu achimwene, amene amagulitsa usipa ku doko. Lamulo linali limodzi lokha: m'munda umenewo musalowe mtengo wa chinangwa wochokera kwina, ngakhale uoneke wathanzi chotani, chifukwa matendawa amabisala m'mtengo momwemo.

Ine anandisankha kukhala woyang'anira poti pakamwa panga sipachita manyazi. Zaka zonse zokalipira ana a eni zija zinapeza ntchito. Tinkalima mosinthana, aliyense tsiku lake, ndipo sindinama, sindinaonepo anthu a kwathu akugwirizana chotero. Ngakhale azimayi awiri amene sankalankhulana chifukwa cha nkhani ya mwamuna ankapezeka mzere umodzi.

Kenako mvula inakokolola mizere ya kumtunda, mbuzi za anthu n'kumaliza zotsala. Munda unakhala ndi mipata. Mlangizi anati tiisiye choncho, mpata sudwala. Anthu anavomera ndi mitu, koma iye uja sanali wa kuno. Kwathu mbewu ikafa pa mzere umabzalapo ina msanga, ndiko kupakiza, ndipo mwana wamkazi amaphunzira zimenezi asanadziwe kuwerenga. Munda wa mipata uli ngati m'kamwa mogweluka mano, odutsa amaseka n'kumafunsa ngati mwini wake ali ndi manja.

Patapita nthawi ndinaona mipata ija ikutsekeka. Ndinaganiza kuti mitengo ina inangochedwa kuphuka, mpaka ndinkauza anthu kutchalitchi kuti mbewu yathu ndi yamakani ngati ine. Munda unabiriwira, anthu ochokera ku Mwaya ankaima pamsewu kusirira.

Chitatsala pang'ono kukhwima, masamba ena anayamba mawanga achikasu. Mlangizi anabwera, anazula phata limodzi pakati pa munda n'kuthyola chinangwa tonse tikuona. Chinali chakuda m'kati. Anazula china cha kumunsi, chimodzimodzi. Anayang'ana mitengo ya pa mzerewo nati siyonse yomwe anatipatsa iye, ndipo tizilombo tina toyera touluka tatenga matenda pa mitengo yachilendoyo n'kuwafalitsa munda wonse.

Ndinafunsa kuti wapakiza ndani. Alamu anga anadzuka.

"Ndine, alamu. Ndinatenga ya m'munda mwa ama nditapita kumaliro awo. Inali yokongola, yopanda banga. Munda wa anthu onsewa ukhale ndi mipata ngati tilibe manja?"

Ndinawalalatira. Ndinati apereka munda ndi dzanja lamanja n'kuupha ndi lamanzere, ndi zina zambiri zomwe sindilemba pano. Ndisanamalize, mayi wina anati nayenso anapakiza mizere ya kumtunda. Wina anati iye anachita cha kumpanda. Anapitiriza choncho, mmodzimmodzi, mpaka amene sanapakize tinali owerengeka. Aliyense ankabwera tsiku lake atabisa timitengo m'chitenje, akuganiza kuti ndi iye yekha amene akuchitira gulu chifundo, ndipo sankanena poopa pakamwa panga. Ndikanapeza munthu wa njiru ndikanadziwa pogwira. Koma awa anali anthu amene anaukonda mundawo, ndiye mkwiyo wanga unasowa kolowera.

Mlangizi anati tizule zonse tiotche. Tinazuladi. Mitengo yaiwisi siyaka, choncho tinaiunjika m'mbali mwa msewu kuti iyambe yauma. Gulu linathera pa mulu umenewo. Ndinayesa kuitanitsa msonkhano, anabwera alamu okha, ndipo tinangokhala pakhonde n'kumakamba za mtengo wa usipa.

Mulu uja unayamba kuchepa tisanauotche. Ndinaima pamenepo masiku angapo n'kumabweza anthu, koma sindikanagona pamsewu. Mbiri inali itapita kale kutali yoti ku Chikale kuli mbewu ya gulu yosadwala, ndipo mitengoyo pooneka inalidi yosalala, yonenepa.

Tsiku lobwera sitima ya panyanja ndinatsikira ku doko kukagula ndiwo. Pakati pa matumba ndi mabeseni ndinaona mitolo ya chinangwa chathu, yomangidwa bwino ndi luzi, onyamula katundu akuikweza. Mayi wina wachilendo, wa kumidzi ya kumpoto kumene kumafika sitima yokha, anali atakhalira mtolo wake. Wina atamulozera kuti woyang'anira gulu uja ndi ameneyu, anadzuka n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. Anati kwawo chinangwa chikadali bwino, koma amva za matendawa, ndiye wati atengeretu mbewu yolimba akagawane ndi anzake.

"Mayi, mbewu imeneyi ndi yodwala," ndinatero. "Isiyeni pompano, mukapha minda ya kwanu."

Anayang'ana mtolo wake, anayang'ana ine, kenako anaseka.

"Ama, anthu a m'tauni kumana. Mbewu samana, yewo."

Ndinagwira luzi la mtolowo, iye anandichotsa dzanja mwaulemu ndithu, ngati mmene umachitira ndi munthu wamkulu amene mutu wayamba kusokonekera. Anausenza n'kulowa pa mzere wa okwera.