Lilime la balansa ku Cassacatiza

Nkhondo itatithamangitsa ku Nsadzo ndinafika ku Cassacatiza, pamalire a Zambia, ndi ana awiri ndi mphika umodzi. Bambo awo anali atatengedwa ndi anthu amfuti ali kumunda. Amene anandipezera ntchito ndi amayi ena a kwaya yathu. Anandipereka kwa a Zuze, mkulu wina wopunduka mwendo, amene ankagula makobidi akale a Apwitikizi, aja a siliva amene ife timati parata. Anthu othawa ankawafukula pansi pa mafuwa, a Zuze n'kumawapatsa mchere ndi ufa, okha n'kukagulitsa ku Zambia.

Zida zinali zochepa: balansa, sikelo ya timbale tiwiri ndi kalilime kolozera pakati, kathabwa koboola, mwala wosalala, ndi kobidi limodzi la parata yeniyeni loyerekezera. Kobidi likabwera ndinkalitsuka ndi phulusa ndi ndimu, n'kulilowetsa pabowo kuti ndione kukula kwake. Kenako ndinkaligwetsa pamwala. Parata imalira motalika ngati kabelu ka pa Misa, zinazo zimangoti phwa. Pomaliza linkakwera pa balansa. Chodabwitsa n'chakuti makobidi omalizira a Apwitikizi, opanda parata, ndiwo ankalemera kuposa enieniwo. A Zuze ankakonda kunena kuti, "Mayi, lilime la balansa liziyang'ana mwini katundu, osati inu."

Tsiku lina iwo atapita ku Zambia kunabwera munthu wamfuti, sindinafunse kuti ngwa mbali iti. Anakhuthula makobidi a m'chisoti pamphasa nati akufuna thumba lonse la mchere. Nditayesa, ambiri anali olemera aja. Iye ataona mbale yake ikutsika anasekerera, ati kulemera ndiye chuma. Ndinadziwa kuti mcherewo ukapita a Zuze atseka malonda, ana anga abwerera kukudya mizu.

Ndinakhudza korona m'khosi, ndinatchula Amayi Maria chamumtima, kenako ndinamutambasulira balansa.

"Achimwene, gwirani nokha. Ine ndingakubereni."

Kuti agwire bwino anatsamiritsa mfuti pakhoma. Ndinamupempha agwetse kobidi lathu pamwala, kenako lake. Anabwereza kangapo, khutu ali nalo pafupi. Anayamba kusankha yekha, olira uku, osalira uko, mpaka thukuta. Atamaliza anatukwana Apwitikizi kuti ngakhale pochoka anatisiyira zinyalala. Anatenga mchere wa olira okhawo, anapempha madzi akumwa, n'kumapita.

A Zuze atabwera anangoyang'ana thumba, n'kuyang'ana ine, n'kundionjezera mbale ya ufa ya ana.

Lero ndimagulitsa nyemba pamsika wa Chifunde. Ana aja ali ndi mabanja awo, Mulungu ngwabwino. Wogula akayamba kukweza mawu sindilimbana naye. Ndimamupatsa chitini m'manja kuti ayese yekha.